Mmene mungatsatire kakulidwe ka mwana wanu poonerera masewera ake pakhomo

Kusikelo amalemba kulemera kwa mwana, ndipo mzere wa m'kabuku umaonetsa ngati thupi likukwera kapena latsika. Koma namwino akafunsa kuti, "Mwanayu anayamba liti kukhala yekha? Mukamuitana dzina amacheuka?" ambiri timangoyang'anana. Mayi ati inali nthawi yokolola, agogo ati ayi mvula inali isanathe, bambo sakudziwa n'komwe. Mwana timaswera naye, kumbuyo, pamwendo, pamphasa, koma zochita zake sitiziikira mtima.

Kusaonetsetsa kumeneku kumapweteka pawiri. Pali ana osamva bwino kapena ofooka mbali imodzi amene vuto lawo limadzadziwika atalowa Sitandade 1, zaka zabwino zowathandizira zitapita kale. Palinso makolo amene amasowa tulo chifukwa mwana wa aneba wayenda pa miyezi 10 pamene wawo wa miyezi 13 akadali kukwawa, chonsecho palibe cholakwika. Malangizo awa ndi okhudza ana obadwa kumene mpaka a zaka 5, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi 15 zokha kamodzi pa mlungu.

Zofunika kukonzeratu

- Kope limodzi la mwana ameneyu yekha, ndi cholembera.
- Kabuku ka kusikelo. Muzingokayang'ana, zanu muzilemba m'kope.
- Mphasa kapena mkeka, ndi chitenje chochapa bwino.
- Chikho chapulasitiki, supuni ndi kambale.
- Timatabwa tosalala kapena zitini zing'onozing'ono zopanda m'mbali mwakuthwa, zokwana 6, zoti azisanjikiza.
- Botolo lapulasitiki loika nyemba pang'ono, lotsekedwa molimba, loti likhale chisekese.
- Mpira wachikulunga, ndi chidole chansalu kapena chitsononkho chokulunga kansalu.
- Khala kapena choko.
- Buku la zithunzi, kapena kalendala yakale yokhala ndi zithunzi za anthu ndi ziweto.
- Foni yojambula, ngati ilipo.

Chenjezo: mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse mkamwa. Mtedza, nyemba, ndalama zachitsulo, mabatani ndi timabatire tobulungira ta m'mawotchi zisapezeke pamphasapo, ngakhalenso majumbo. Botolo limene munali parafini kapena mankhwala ambewu musalisandutse choseweretsa, olo mulitsuke kangati.

1. Werengani msinkhu wa mwana m'miyezi

Onani tsiku lobadwa m'kabuku ka kusikelo, mulilembe pachikuto cha kope. Mwana asanakwane zaka 3, msinkhu wake muziuwerenga m'miyezi. Mawu oti "ali ndi chaka" amasokeretsa, chifukwa wa miyezi 12 ndi wa miyezi 22 onse timati ndi a chaka, pamene wina akungoimirira chogwirira mpando ndipo winayo akuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Chenjezo: ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, chotserani nthawi imene inatsala. Wobadwa kutatsala miyezi 2, akafika miyezi 8 muyembekezere zochita za mwana wa miyezi 6. Muziwerenga chonchi mpaka akwane zaka 2. Koma katemera yekha amatsata tsiku lenileni lobadwa, musamuchedwetse.

2. Sankhani nthawi ndi malo

Mwana akhale kuti wadzuka bwino, wayamwa kapena wadya, ndipo sakudwala. Wanjala, watulo kapena wochira kumene malungo sangakuonetseni zenizeni. Zimitsani wailesi. Yalani mphasa pamthunzi, kutali ndi mbaula, ndowa zamadzi ndi chitsime.

Kenako mutsitseni kumbuyo. Kubereka mwana n'kwabwino, amafundidwa, amamva mawu a mayi ake, amaona dziko. Koma ali m'chitenje simungaone zimene msana, manja ndi miyendo yake zikutha kuchita, nayenso sapeza mpata woziyesa. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse, World Health Organization, a mu 2019 amati mwana wamng'ono asamangike malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, ndipo kuberekedwa kumbuyo ndi chimodzi mwa zimene anatchula. Amanenanso kuti khanda limene silinayambe kukwawa lizigonekedwa chafufumimba mphindi zosachepera 30 pa tsiku, mozigawagawa, lili maso komanso munthu wamkulu ali pompo. Pogona tulo, khanda ligone chagada.

3. Khalani pansi, manja anu asalowerere

Apa ndi pamene ambiri amalephera. Ikani zinthu ziwiri kapena zitatu patsogolo pa mwana, inu mukhale pansi pafupi, nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake. Mphindi 5 zoyamba musamulangize, musamugwire dzanja, musamufunse kanthu. Ingoonerani.

Tiyerekeze mwana wa miyezi 10 amene mwamuikira chikho ndi supuni. Poyamba supuni ipita kukamwa. Kenako aichotsa, aiyang'ana, aisamutsira kudzanja lina, n'kumenya nayo chikho. Chikho chikalira amaima kaye, n'kukuyang'anani kumaso kuti aone ngati nanunso mwamva, kenako amenyanso mwamphamvu. Supuni ikapulumuka n'kugwera kuseri kwa mwendo wake, amawerama kuifunafuna, dzanja limodzi atatsamiritsa pamphasa kuti asagwe. Pa kamphindi kameneka mwaona zambiri: manja onse awiri akugwira ntchito, khutu lamva, msana walimba, akufuna kugawana nanu chimene chamusangalatsa, ndipo akudziwa kuti chinthu chikabisika sikuti chatha. Mukanathamangira kumutolera supuniyo, kulimba kwa msana ndi chomalizirachi simukanaziona.

Mwana akavutika ndi kanthu, werengani chamumtima mpaka 10 musanathandize. Akalephera, sendezani chinthucho pafupi pang'ono, osati kumuikira m'manja. Akayamba kulira mwaukali, siyani, mudzayesa tsiku lina.

Chenjezo: achemwali ndi achimwene ake amamukonda, ndiye amamutengera chilichonse asanapemphe ndi kumuyankhira asanatsegule pakamwa. Pa mphindi zimenezi apempheni akhale phee, kapena apatseni ntchito yoonerera nanu limodzi. Ana okulirapo amaona tinthu timene akulu sitiona.

4. Yang'anani mbali zinayi, osati miyendo yokha

Pakhomo timakondwerera zinthu ziwiri, dzino loyamba ndi phazi loyamba. Zina zonse zimadutsa osazikumbukira. Chida choyezera kakulidwe chimene akatswiri anakonzera ana a kuno kwathu, Malawi Developmental Assessment Tool, chofalitsidwa mu 2010, chili ndi zoyesa 136 zogawidwa m'magulu anayi. Magulu omwewo ndi amene muwatsate:

- Thupi lonse: khosi, kugubuduka, kukhala, kuimirira, kuyenda, kudumpha.
- Manja ndi zala: kugwira, kutola, kusanjikiza, kulemberera.
- Kumva ndi kuyankhula: kucheukira mawu, kumvetsa zimene mwanena, mawu amene akutchula.
- Kukhala ndi anthu ndi kudzithandiza: kumwetulira, kutsanzira, kudya yekha, kusewera ndi anzake.

Jambulani mizere pa tsamba lililonse la kope kuti pakhale zigawo zinayi. Chigawo chikakhala chopanda kanthu milungu ingapo, ndiye kuti mbali imeneyo simukuiyang'ana, kapena pali chofunika kufunsa.

5. Yesani timasewera ta msinkhu wake

Mukatha kuonerera, yesani chimodzi kapena ziwiri mwa izi. Osati zonse tsiku limodzi.

Miyezi 1 mpaka 3. Mugoneke chagada, nkhope yanu ikhale patali ngati mmene imakhalira poyamwitsa, muisunthe pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja. Maso ake akutsatireni. Pofika miyezi 2, mukamumwetulira ndi kumuyankhula nayenso amamwetulira. Ali chafufumimba amadzutsa mutu kwa kanthawi.

Miyezi 4 mpaka 6. Khosi lalimba, mutu sukulendewera mukamunyamula. Gwirani supuni pamwamba pa chifuwa chake, atambasule dzanja kuifikira. Amaseka mokweza, amagubuduka, ndipo zikhato zimakhala zotambasuka nthawi zambiri, osati zofumbata.

Miyezi 7 mpaka 9. Amakhala yekha popanda chotsamira, amasamutsa chinthu kuchoka dzanja lina kupita lina, amatulutsa mawu obwerezabwereza ngati "ba-ba-ba" ndi "ma-ma-ma". Phimbani nkhope yanu ndi chitenje, muvundukule, muone ngati akuseka ndi kudikirira kuti mubwereze. Pa msinkhu uwu ambiri amayamba kulira akanyamulidwa ndi mlendo. Azakhali obwera kudzacheza asadandaule kuti mwana akuwada: wayamba kusiyanitsa nkhope za anthu ake ndi za ena, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Miyezi 10 mpaka 12. Iye akuona, vindikirani supuni ndi kambale. Avundukule yekha. Ikani kachidutswa kofewa ka nthochi kapena ka mbatata yophika pambale, muone ngati akutola ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kapena akukokolola ndi chikhato chonse. Amadzikoka n'kuimirira chogwirira mpando, amabayibitsa, amawomba m'manja mukawomba.

Miyezi 13 mpaka 18. Ambiri amayenda okha m'miyezi imeneyi, koma chimene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi kuloza. Kuloza kuli pawiri. Mwana amaloza chikho chifukwa akufuna madzi. Amalozanso mbuzi ikudutsa kapena ndege kumwamba, n'kucheuka kukuyang'anani, osafuna kanthu koma kuti inunso muone. Kuloza kwachiwiriku ndi chizindikiro chachikulu chakuti maganizo ndi chiyankhulo zikubwera bwino, ngakhale mawu akhale ochepa. Yesaninso kuloza inu chinthu chapatali n'kunena kuti "Taona galu uyo!" Kodi akuyang'ana galuyo, kapena chala chanu, kapena sakusamala n'komwe? Mutumeni kanthu kamodzi, monga "Bweretsa nsapato," manja anu osasonyeza. Onaninso ngati akutsanzira kusesa kapena kusinja.

Miyezi 19 mpaka 24. Amathamanga, amamenya mpira ndi phazi, amasanjikiza timatabwa tingapo, amaloza mphuno kapena khutu mukafunsa, amaloza nkhuku pachithunzi. Pofika zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi" kapena "gogo bwera". Powerenga mawu ake, werengani ngakhale opotoka, malinga ngati amawagwiritsa ntchito pa chinthu chomwecho nthawi zonse. "Mee" potanthauza mbuzi ndi "pipii" potanthauza galimoto, onsewo ndi mawu. Ngati pakhomo mumayankhula Chichewa ndi Chitumbuka, kapena Chiyao ndi Chingerezi, phatikizani mawu a zilankhulo zonse. Zilankhulo ziwiri sizipanikiza mwana.

Zaka 3. Jambulani chozungulira pansi ndi khala, iye atsanzire. Amadumpha ndi miyendo yonse iwiri, amatchula dzina lake, amafunsa kuti "Ichi n'chiyani?" kosatha, ndipo munthu wachilendo amamva zambiri zimene akunena.

Zaka 4 mpaka 5. Amawakha mpira, amadumpha ndi mwendo umodzi, amajambula munthu wa mutu ndi miyendo kenako n'kumaonjezera manja ndi maso, amafotokoza zimene zachitika kutchalitchi kapena kumsika motsatana. Powerenga, mupatseni zitsononkho aziloza chimodzichimodzi. Kuloweza manambala ngati nyimbo sikuonetsa kuti wadziwa kuchuluka kwa zinthu.

Chenjezo: miyezi yatchulidwayi ndi ya ana ambiri, si lamulo la mwana aliyense. Chimodzi chikalephereka lero, chilembeni, muyesenso pakatha milungu iwiri.

6. Yesani makutu ndi maso paokha

Mwana wosamva bwino amapusitsa makolo, chifukwa maso ake amachenjera kwambiri. Amaona chithunzithunzi chanu pansi, amamva kugwedezeka kwa mphasa, amamva kamphepo ka m'manja mukawomba pafupi, n'kucheuka. Inu mumati wamva.

Kuyambira miyezi 6 kapena 7, chitani chonchi. Munthu mmodzi akhale kutsogolo, amusangalatse mwakachetechete ndi chidole. Wina aime kumbuyo, kutali ngati dzanja lotambasula, pamene mwana sangamuone ngakhale chithunzithunzi chake. Agwedeze chisekese pang'ono chabe kumbali ya khutu limodzi, adikire, kenako achite khutu linalo. Tsiku lina aitane dzina lake motsitsa mawu. Wa kutsogoloyo asayang'ane kumene kukuchokera phokoso, chifukwa mwana amatsata maso a munthu.

Ikani chidwi chapadera ngati mwana amatuluka mafinya m'khutu, anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo kapena matenda oumitsa khosi, anali ndi chikasu chachikulu atangobadwa, kapena anachedwa kulira pobadwa. Chizindikiro china ndi khanda limene linayamba bwino timawu take koma pofika miyezi 9 kapena 10 langokhala duu. Kuyesa kwa pakhomo kumangokuchenjezani, sikutsimikiza. Mtima ukakayika, pemphani kuti akamuyeze ndi makina.

Za maso, onani ngati akutsata chinthu choyenda, ngati akutola tinthu ting'onoting'ono pansi, ngati amayandikizitsa chinthu kunkhope kapena kupendeketsa mutu poyang'ana. Diso lopatukira kumbali nthawi ndi nthawi m'milungu yoyamba si lachilendo, koma likapitirira miyezi 6 likaonedwe. Pakati pa diso, pakuda paja, pakaoneka poyera, pamaso kapena pachithunzi cha foni, musadikire tsiku la sikelo.

7. Onererani masanje ndi masewera a pagulu

Kuyambira zaka 2, zambiri muziona mutakhala patali. Mwana wa chaka ndi theka amaika supuni pakamwa pa chidole. Wa zaka 2 amabereka chitsononkho kumbuyo, amakankha njerwa n'kumalira ngati galimoto, amasewera pambali pa mnzake koma aliyense zake, ndipo kulimbirana zinthu pa msinkhu umenewu si umbombo. Pofika zaka 3 ndi 4 masanje amakhala ndi nkhani: uyu ndi mayi, uyu ndi mwana, uyu wapita kuchigayo, dothi lasanduka nsima, masamba asanduka ndiwo. Chinthu chikamaimira chinzake chonchi, ubongo ukugwira ntchito imene idzafunika powerenga ndi kulemba. Musawakalipire kuti akuda. Madzi ndi sopo zilipo.

Onani izi: kodi mwana wanu amalowa m'nkhaniyo, kapena amangotsatira? Amadikira nthawi yake pa chibisalirano kapena pa mpira? Mnzake akalira amatani? Kodi zoseweretsa amazigwiritsa ntchito mosinthasintha, kapena tsiku lililonse amangozunguza tayala limodzi kapena kundandalika zitsekerero, wina akasuntha chimodzi n'kulira kosatonthozeka? Chimodzi chokha mwa izi si matenda. Koma mwana amene saloza, sayang'ana anthu kumaso, sacheuka poitanidwa komanso sachita masewera oyerekezera, afunika kuonedwa ndi achipatala.

Ngati amapita kusukulu ya mkombaphala, funsani omulera kumeneko mafunso omwewa. Iwo amamuona pakati pa ana ambiri a msinkhu wake.

8. Lembani zimene mwaona, osati zimene mukuganiza

Lembani tsiku lomwelo, mizere itatu kapena inayi basi. "Lero anali wochenjera" sizithandiza aliyense. Lembani chonchi:

"12 Juni, miyezi 11. Ndinavindikira supuni ndi mbale iye akuona, anakankha mbale ndi dzanja lamanja n'kutenga supuni. Agogo atatsokomola kuseri kwa nyumba anacheuka. Anaimirira chogwirira mtondo, anakhala pansi yekha osagwa."

Pa chochita chilichonse ikani chizindikiro: wachita yekha, wachita mothandizidwa, kapena sanachite. Ngati kulemba kukuvuta, mwana wasukulu akulembereni, kapena jambulani mawu anu pafoni. Kayendedwe kachilendo, kugwedezeka kwa thupi kapena maso otembenuka, jambulani kavidiyo kakafupi, chifukwa pamaso pa dokotala mwana sachita zimene amachita kunyumba. Zithunzi ndi mavidiyo amenewa ndi anu ndi achipatala, osati omwaza m'magulu a WhatsApp.

9. Pakutha pa mwezi, yerekezani mwana ndi mmene analili mwezi watha

Khalani pansi ndi bambo ake, agogo kapena mlezi amene amaswera naye. Werengani tsamba la mwezi uno ndi la mwezi watha. Funso ndi limodzi: kodi pali chatsopano mu chigawo chilichonse? Funsani mwachindunji, "Amayi, munamumvapo akutchula mawu ati?" osati "Akukula bwino eti?" chifukwa funso lachiwirili aliyense amangovomera.

Ana athanzi amasiyana kwambiri. World Health Organization itatsatira ana ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, inapeza kuti kukhala popanda chotsamira kumayamba pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo kuyenda yekha pakati pa miyezi 8 ndi pafupifupi 18. Ana 4 mwa 100 aliwonse sanakwawe n'komwe ndi manja ndi mawondo, anangodumphira ku kuimirira ndi kuyenda. Choncho wokwekwereza matako pansi si wolumala.

Ikani kope pambali pa kabuku ka kusikelo. Mwana amene wasiya kusewera, wangokhala ndwii, kawirikawiri mzere wa kulemera kwake umakhalanso utaima. Njala, kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba ndi malungo obwerezabwereza zimazimitsa masewera zisanaoneke kwina. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndiye nkhani ya chakudya musaiike padera ndi ya kakulidwe.

10. Dziwani nthawi yopita kuchipatala

Pitani lero lomwe ngati mwana akukomoka kapena kugwedezeka thupi, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka moti sakudzuka bwino, kapena mapazi onse awiri atupa.

Pitani mlungu womwewo ngati wataya chimene ankatha kale: ankatchula mawu wasiya, ankayenda wabwerera pansi, ankamwetulira anthu tsopano sawayang'ana. Kuchedwa kungadikire milungu iwiri kuti muyesenso. Kubwerera m'mbuyo sikudikira, pa msinkhu uliwonse.

Kafunseni kusikelo ngati:

- pa miyezi 3 sakumwetulira kapena kutsata nkhope ndi maso;
- pa miyezi 4 kapena 5 khosi silinalimbe, thupi ndi lolobodoka kapena louma gwa;
- pa miyezi 9 kapena 10 sakukhala yekha;
- pa miyezi 12 satulutsa timawu, sabayibitsa, sacheuka poitanidwa;
- pa miyezi 18 sakuyenda, saloza, alibe liwu ngakhale limodzi;
- pa zaka 2 salumikiza mawu awiri kapena samva kutumidwa kanthu kamodzi;
- pa zaka 3 a pakhomo pomwe sakumumva, kapena akugwaigwa;
- dzanja kapena mwendo umodzi sukugwira ntchito ngati unzake.

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino wa kusikelo, kope lili m'manja. Nenani chinthu chenicheni: "Ali ndi miyezi 13, ndamuyesa kangapo kuchokera kumbuyo, khutu lamanzere sakucheukira." Akakuuzani kuti dikirani, funsani kuti mudikire mpaka liti, ndipo tsikulo mubwerere. Ngati palibe kusintha, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu, kumene angakutumizeni kwa ophunzitsa mafizo. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi mbali yoyeza makutu, ndipo chipatala cha Beit CURE chimathandiza ana a mavuto a mafupa. Phazi lopindika lobadwa nalo limawongoka bwino ndi chikhakha mukayamba m'milungu yoyambirira.

Zolakwika zimene ambiri amachita

Kusandutsa masewera kukhala mayeso. "Taonetsa alendo mmene umayendera, tanena dzina lako!" Mwana akaunjikiridwa maso amachita manyazi n'kukana, makolo n'kupsa mtima. Zimene wachita yekha popanda womukakamiza ndi zimene zilembedwe.

Kudzitonthoza ndi mawu a anthu. "Anyamata amachedwa kuyankhula," "bambo akenso anayenda mochedwa," "ndi waulesi chabe." Mwina n'zoona kwa ana ena. Koma mawu amenewa ndi amene amagoneka makolo a mwana wosamva mpaka zaka 4. Kukayezetsa n'kupeza kuti zonse zili bwino sikuwononga kanthu.

Kumupatsa foni kuti atonthole, kenako n'kumanyadira kuti amadziwa kutsegula yekha. Malangizo a 2019 aja amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kubwereza nyimbo yapafoni sikucheza. Mwana amaphunzira kuyankhula pamene wanena kanthu ndipo munthu wamuyankha.

Kugula kampando ka matayala kophunzitsira kuyenda. Sikafulumizitsa kuyenda, ndipo kamafikitsa mwana pambaula kapena pakhonde lotsetsereka mayi asanatembenuke. Mphasa ndi mpando wolimba wogwirira n'zokwanira.

Kumenya dzanja lamanzere. Umanzere si chilema, ndipo kukakamiza kumangosautsa mwana pakudya ndi polemba. Chodetsa nkhawa ndi china: khanda losakwana chaka limene likugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chifumbatire. Pamenepo mbali inayo ingakhale yofooka.

Kunamizira mano. Mwana akamamera mano amatha kudontha dovu ndi kuvutavuta, koma kutentha thupi kwambiri ndi kutsekula m'mimba kwa masiku angapo si mano. Kayezetseni malungo.

Kusaka wolakwa. Mwana akachedwa kukula, nkhani imathamangira ku tsempho, ku ufiti, kapena kwa mayi kuti analakwira mwambo ali ndi pakati. Miyezi imatha banja likukangana, mayi akulira yekha, mwana osaonedwa ndi wachipatala. Ena amafika pomubisa m'nyumba kuti anthu asamuone, pamene mwana wotereyu ndi amene akufunika kwambiri pabwalo, pakati pa anzake, akumva mawu ndi kugwira zinthu.

Kusiya sikelo mwana akangolandira katemera wa chikuku wa pa miyezi 9. Wachiwiri amaperekedwa pa miyezi 15, vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse mpaka zaka 5, ndipo mavuto a kuyankhula ndi a kasewereredwe amaonekera bwino pakati pa miyezi 18 ndi zaka 3, nthawi imene mayi ambiri amakhala ali ndi khanda lina kumbuyo. Khanda latsopano likabwera, ligulireni kope lake, la mkuluyo lipitirire.